Mphatso za Yusufu pa Khola la Silivesita

Nkhani ya mafumu ophimba nkhope inafika ku Kandeu kudzera pa singano. Lachinayi lililonse amayi a m'midzi yozungulira ankasonkhana pakhonde la kumishoni kuphunzira kusoka. Wowaphunzitsa anali Sisitere Veronica, mzungu wokalamba wa ku Falansa, amene pa utsikana wake anakhalapo kumpoto kwa Afirika, kumalire a chipululu. Pakati pa amayiwo panali Lufina, mkazi wa Silivesita, ndi Esinati, mkazi wa mlamu wake Maliro. Awiriwa ankakhala pamphasa imodzi, ankabwerekana lumo, koma sankakondana.

Tsiku lina akupinda mipango ya kumutu, sisitereyo anati, "Kumene ndinali ine kuli mtundu wina wa Aberiberi. Kumeneko amuna ndiwo amaphimba nkhope, akazi ayi."

Khonde lonse linafa ndi phwete.

"Amunawo ngonyansa chotani, Amayi?" anafunsa wina.

"Itanitsani nsaluyo," anatero mnzake. "Kuno alipo angapo ofunika kuphimba."

Sisitere Veronica anaseka nawo, kenaka anayamba kufotokoza, singano ikuyenda. Anati pafupifupi zaka mazana asanu ndi anayi zapitazo, amuna ophimba nkhopewo anatuluka m'chipululu atakwera ngamira. Anali Asilamu okhwima pa chipembedzo, ndipo mbiri imawatchula kuti Alimoravidi. Analanda midzi ndi mizinda, nayamba kumanga mzinda wawo wotchedwa Marakeshi. Mtsogoleri wawo anali Abubakali. Mzinda usanathe, kunabuka nkhondo pakati pa abale ake kuchipululu kuja, ndipo iye anayenera kubwerera kukaleretsa. Anasiya mzinda ndi asilikali m'manja mwa mbale wake Yusufu. Abubakaliyo anali ndi mkazi wolemera ndi wochenjera, dzina lake Zainabu. Poona kuti moyo wa m'chipululu ngwowawa, anamusudzula, namuuza kuti akwatiwe ndi Yusufu yemweyo.

"Hii! Kusiya nkhuku kwa nkhandwe," anatero mayi wina.

"Ndiye atabwerako?" anafunsa Lufina.

"Atabwerako," anatero sisitere, "Zainabu analangiza Yusufu kuti, pita ukamuchingamire, koma usakatsike pa kavalo monga unkachitira kale. Ukamupatse mphatso zambiri: akavalo, nsalu, malupanga, golide. Yusufu anachitadi zomwezo. Abubakali anayang'ana mbale wake ali pamwamba pa kavalo, anayang'ana mphatso zija, ndipo anazindikira kuti walandiridwa ngati mlendo. Anazitenga, nabwerera kuchipululu, nakafera komweko. Ufumu unatsala kwa Yusufu ndi ana ake. Anawoloka ngakhale nyanja kukalamulira ku Sipeni, mpaka m'masiku a zidzukulu zake pamene anthu a kumapiri anawagwetsa."

Amayi ena anadandaula za Abubakali, ena anatukwana Zainabu. Esinati anangofunsa funso limodzi, maso ali pa nsalu.

"Mphatsozo anamupatsa anthu akuona, kapena kuseri?"

"Pamaso pa asilikali onse," anayankha sisitere.

Esinati anadula ulusi ndi mano. Lufina anaona, ndipo anasunga mumtima.

Anali ndi chifukwa chosungira. Silivesita anali atapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mwana wawo Janeti akuyamba kumene kuyenda. Pochoka anasiya khola la ng'ombe za bambo ake m'manja mwa Maliro, mwana wa bambo ake aang'ono. Maliro sanali waulesi. Ankapita nazo kudibi, ankazichotsa nkhupakupa, ndipo zinaswana bwino. Koma chaka ndi chaka mawu a anthu ankasintha. Poyamba ankati khola la a Silivesita. Kenaka ankati khola limene akusunga a Maliro. Tsopano ana obadwa dzulo ankangoti khola la a Maliro, popanda wowadzudzula. Mkaka unkabwera kwa Lufina m'kachipanda kakang'ono, ndi mawu akuti, "Akuti mulandire." Mkaka wa ng'ombe za mwamuna wake, iye n'kumathokoza.

M'chaka cha 1948, kachewere atangokumbidwa, mnyamata wina wobwera kumigodi ananena kuti Silivesita ali m'njira, afika pa lole ya Loweruka. Lufina anasesa, anazira nyumba, anachapa nsalu yake yabwino. Koma kunyumba kwa Esinati ndiko kunatekeseka. Ananyika chimera cha mowa. Anatuma Maliro ku boma kwa Mmwenye, ndipo anabwera ndi bulangeti lofiira la mizeremizere. Mmisiri anakhoma mpando wa ndalema. Inagulidwanso mphasa yatsopano, ndipo mbiri inamveka kuti aphera mbale wawo nkhunzi yofiira, yonona kuposa zonse m'khola.

"Koma a Maliro ali ndi mtima," anthu ankatero pachitsime. "Abale a masiku ano ndani angaphere mtchona nkhunzi?"

Lufina ankangoti, "Eetu," n'kusenza mtsuko wake.

Iye anabadwira m'mudzi wa ng'ombe, ndipo ankadziwa mmene zinthu zimayendera. Kumeneko khola saliweruza ndi pakamwa. Ng'ombe ikaphedwa, akuluakulu amayang'ana zinthu ziwiri: amene waima pachipata n'kuloza ndi ndodo, ndi khomo limene chikopa chakhomedwapo. Amene wakhala pamphasa n'kulandira mwendo wa nyama ndi manja awiri, ameneyo ndi mlendo. Ndipo mlendo ndi mame.

Komabe ankadzifunsa ngati sakungoganizira anthu zoipa. Lachisanu anapita kwa Esinati ngati wokabwereka chipande. Anamupeza akusefa mowa, thukuta lili kamukamu.

"Mwatanganidwatu, Nangozo," anatero Lufina, pomutchula ndi mfunda wake. "Wina angayese akubwera ndi amuna anu."

"Nanga tichite bwanji, make Janeti? Inu muli nokha, manja awiri. Tikapanda kukuthandizani, anthu adzatiseka tonse."

"Bulangeti lijanso n'lothandiza ine?"

"Kuno kumazizira. Munthu wazolowera nyumba za azungu."

"Nanga nkhunzi yofiira? Ija inabadwa kwa ng'ombe yakuda ya apongozi anga."

Esinati anaseka, koma maso sanaseke. "Inu mumadziwa mbiri ya ng'ombe iliyonse, ngati munapitapo nazo kudibi."

Lufina anawerama kuti atenge chipande. Pansi pa lichero, pakona pa khonde, anaona mtolo wa zikhomo zosongoledwa kumene, zoyera, zomangidwa ndi luzi. Zikhomo zokhomera chikopa. Pobwerera anadzera kumunda, nadula nthambi za mtengo wolimba, nakhala kuseri kwa nkhokwe n'kusongola zakezake.

Loweruka m'mawa sanadikire kumudzi. Anasiya Janeti kwa mnansi, nayenda mpaka kumsewu kumene lole imatsitsa anthu. Dzuwa litakwera, inafika ili fumbi lokhalokha. Anatsika munthu wovala jekete lalikulu ndi chipewa, atanyamula bokosi lachitsulo. Lufina anamuzindikira ndi kayendedwe, osati nkhope. Anali ataonda, masaya atalowa, ndipo asanalankhule anayamba watsokomola.

Lufina anagwada, nawomba m'manja. "Mwafika, bambo a Janeti."

"Ndafika. Muli nokha? Abale anga ali kuti?"

"Akukudikirani kumudzi. Ine ndatsogola dala. Pali mawu."

Anasenza bokosi lija, nayamba kuyenda pambuyo pake. Anamuuza za mowa, za bulangeti, za mpando, za nkhunzi yofiira. Silivesita anamwetulira koyamba.

"Maliro ameneyo! Ndinkadziwa kuti ndasiya munthu."

"Mwasiyadi munthu. Koma musakakhale pamphasa. Mukafika, mukaime pachipata cha khola, mukaloze nokha ng'ombe yoti iphedwe."

"Ndikalande ndodo m'manja mwa mbale wanga tsiku lofika? Anthu adzati Joni yandipengetsa."

Lufina anaona kuti mawu ake okha sakulemera. Ndiye anamufotokozera nkhani ya kumishoni: za amuna ophimba nkhope, za Abubakali amene anasiya mzinda m'manja mwa mbale wake, za Yusufu amene sanatsike pa kavalo, za mphatso zoperekedwa pamaso pa asilikali. Anati Esinati anali pomwepo nkhaniyi ikukambidwa, ndipo anafunsa funso limodzi lokha. Za Zainabu anazidumpha. Silivesita anamvetsera akupuma movutika pachitunda.

"Nzeru imeneyo Yusufuyo anaitenga kuti?" anafunsa.

"Anamulangiza ndi mkazi wake."

"Anali kale ndi mkazi wochenjera chotero?"

Lufina sankadziwa kunama msanga. Anazengereza pang'ono, ndipo kuzengerezako kunamveka.

"Anali mkazi wa Abubakali poyamba," anatero. "Anamusiya popita."

Silivesita anaima. Anatembenuka, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: nsalu yochapa bwino, mikono yosaonda, mpango wosokedwa mwaluso.

"Ohoo," anatero. "Ndiye mbaleyo anatenga mzinda, anatenganso mkazi."

"Ine ndikunena za ng'ombe, bambo a Janeti."

"Ndamva. Kumigodi tinkamva nkhani zambiri za kumudzi. Zina za ng'ombe, zina osati za ng'ombe."

Anapitiriza ulendo mpaka anafika kumudzi. Njira inkadzera kuseri kwa nyumba yawo, ndipo Silivesita anakweza maso kuyang'ana denga. Udzu unali watsopano, womangidwa mwa chimuna.

"Anafolera ndani?"

"Alamu."

"Ohoo."

Nthungululu zinawadula pakamwa. Mudzi wonse unali pabwalo la kutsogolo kwa khola. Amayi anathamangira Silivesita, ena akulira, ena akumuseka kuonda. Janeti anabisala kumbuyo kwa mnansi, osamudziwa bambo wake. Lufina sanayang'ane zonsezo. Maso ake anali pa Maliro. Maliro anali ataima pachipata cha khola, ndodo ili m'manja, miyendo atatangadza. Kale akamuona mkulu wake ankathamanga kukamulandira katundu. Lero sanasunthe. Anadikira mpaka Silivesita anayenda yekha kukamupeza pomwepo.

"Achimwene! Mwatipeza tili moyo."

"Ndakupezani, mng'ono wanga."

Pamenepo Esinati anatulukira, akuyenda chogwada, bulangeti lili pamanja. Pambuyo pake anyamata ananyamula mpando wa ndalema, nauika pamphasa yatsopano pansi pa mtengo, kutali ndi chipata. Maliro anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Achimwene, mwayenda ulendo wautali. Landirani kabulangeti aka, kuno kumazizira. Khalani pampando apo mupumule. Ndipo ine, m'khola muno, ndakupherani kambuzi."

Anthu anaseka, poti onse ankadziwa kambuziko. Maliro anatembenuka, naloza nkhunzi yofiira ndi ndodo.

Silivesita anayang'ana ndodoyo. Anayang'ana ng'ombe zodzaza khola, zambiri kuposa zimene anasiya. Kenaka anayang'ana Lufina, nthawi yaitali, ngati munthu amene akuyesa kudziwa kuti msampha uli mbali iti. Lufina anapukusa mutu pang'ono. Silivesita anachotsa maso, nalola Esinati kumufunditsa bulangeti, napita kukakhala pampando.

Nthungululu zinalira kachiwiri. Esinati podutsa pafupi ndi Lufina ananong'ona, "Mwaima ngati mlendo bwanji, make Janeti? Thandizani kutunga mowa."

Nkhunzi inagwa. Anyamata anaisenda kuseri kwa khola, napinda chikopa, nachisiya pa udzu. Nyama inabwera pabwalo pa masamba a nthochi, ndipo ntchito yogawa inali ya a Obedi, mng'ono wa malemu agogo a Silivesita, nkhalamba yopanda mano koma yokonda nyama kuposa achinyamata. Anthu onse anaunjikana kuti aone mpeni wawo, aliyense akuwerengera kuti chiwalo chake ndi chiti. A Obedi anadula mwendo wathako, nauika m'lichero kuti upite kwa munthu wa pampando.

Lufina anadziwa kuti mwendowo ukangolandiridwa, ndipo chikopa chikakagona pakhomo pa Esinati, zatha. Sipadzakhala mlandu, poti palibe amene walanda kanthu. Silivesita adzakhala mwezi, miyezi iwiri, akudya zopatsidwa, kenaka manyazi adzamubweza ku Joni ndi chifuwa chakecho. Janeti adzakula akuthokoza kachipanda ka mkaka.

Anazemba, nadzera kuseri kwa khola. Chikopa chinali cholemera kuposa mmene ankaganizira, chofunda, choterera. Kusenza sikunatheke. Anachigwira cha kukhosi n'kuyamba kukoka. Akanatha kudzera kuseri kwa nyumba, koma anakumbukira funso la Esinati. Anadzera pakati pa bwalo.

Phokoso linazima pang'onopang'ono. Anthu anapatuka. Chikopa chinkakwekwereza fumbi, magazi akudetsa nsalu yake yabwino, agalu akutsatira. Anafika pakhomo pa nyumba yake, nachitambasula ubweya pansi, namasula mtolo wa zikhomo umene anaubisa m'chiuno. Anaima pamenepo, zikhomo zili m'manja. Kukhoma chikopa ndi ntchito ya mwamuna, ndipo iye sakanatha kupitirira apo.

Woyamba kupeza mawu anali Esinati. "Tamuonani mkazi uyu! Wapenga? Chikopa chimakokedwa ndi mkazi?"

"Chasochera njira, Nangozo," anayankha Lufina. "Ndangochilondolera kwawo."

"Alamu, bwezani chikopacho," anatero Maliro. Mawu ake anali otsika, koma aukali. "Musatichititse manyazi pamaso pa mlendo."

"Mlendo wake uti, alamu? Ine ndikuona mwini khola atafunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Maso onse anatembenukira kwa a Obedi. Nkhalambayo inapukuta mpeni pa ntchafu, mosakondwa kuti aidula pa ntchito.

"Musandiyang'ane ine. Ine chikopa sindidya. Chimene ndikudziwa n'chakuti chimagona pakhomo pa mwini khola, ndipo amakhoma ndi mwiniyo. Amuna muli awiri apa. Wokhoma akhome, nyama ikuchita ntchentche."

Maliro anaponya ndodo pansi. "Achimwene, zaka zonsezi kudibi ndimapita ine. Mvula imandinyowetsa ine. Fisi atalowa m'khola anatuluka ndi ine, inu muli ku Joni mukudya buledi. Lero ndikuchitireni ulemu, mkazi wanu andiyese wakuba?"

Anthu ena anavomereza ndi mitu, poti zinali zoona.

Silivesita anali adakali pampando. Lichero la mwendo linali patsogolo pake, mtsikana amene analibweretsa atagwada, manja atatopa. Anayang'ana Maliro, anayang'ana Esinati, anayang'ana mkazi wake ataima pa chikopa, magazi ali m'miyendo. Lufina anaona kuti munthuyo sakukhulupirira aliyense wa atatuwo. Koma anaonanso kuti akuwerengera: mkazi amene ali kumbali ya Maliro sangamuvule Maliro pagulu chotere.

Silivesita anadzuka. Bulangeti linatsetsereka n'kugwera pampando, ndipo sanalitole.

"Mwendowo mupatseni Maliro," anauza mtsikana uja. "Wagwira ntchito. Mng'ono wanga, woweta sachoka chimanjamanja. Mawa tilowa m'khola ndi agogo Obedi, uloze ana a ng'ombe oti akhale ako, ndipo sindidzakuwerengera mwaumbombo. Koma nkhunzi iyi mayi wake ndimamudziwa. Munthu sapatsidwa mphatso ya ng'ombe yake."

Anayenda kudutsa bwalo, akutsokomola, natola mwala pafupi ndi nkhokwe. Maliro anatsegula pakamwa, koma a Obedi anali atayamba kale kudula nthiti, ndipo anthu anali atabwerera ku nyama. Esinati anatola bulangeti lija, nalikung'untha mwamphamvu, nalowa nalo m'nyumba mwake.

Silivesita anagwada pa chikopa. Lufina anamupatsa chikhomo choyamba, ndipo anachikhoma cha kukhosi. Anakoka chikopa kuti chiwongoke, nakhoma chachiwiri. Manja ake ankadziwabe ntchitoyo. Ali choweramira choncho, analankhula motsitsa, kuti amve awiri okha.

"Mkazi uja wa m'nkhani yanu. Anapita yekha kwa mbaleyo, kapena anachita kumutumiza?"

"Mwamuna wake ndiye anachita kumusiya, namuuza kuti akwatiwe."

"Ine sindinakuuzeni zimenezo."

"Simunandiuze chilichonse, bambo a Janeti. Zaka zisanu ndi ziwiri."

Mwala unagunda kawiri.

"Nanga denga lija?"

"Udzu ndinamweta ndekha. Anakwera ndi alamu, masana, anthu akuona. Ndinawaphikira kachewere, anadyera panja."

Silivesita anasendera cha kumchira, nakoka chikopa mpaka chinalira. Kenaka anatambasula dzanja chakumbuyo, osamuyang'ana. Lufina anaikamo chikhomo china.